Agogo mwawatenga, nanga nyumbayo mwaiyang'ana?

Kalata yomwe ndasankha sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Dzina sinditchula monga mwa nthawi zonse. Akuti iye ndi amuna ake adakatenga apongozi ake aakazi ku Ntcheu atamva kuti BP yavuta. Adawapatsa chipinda chawochawo, matiresi atsopano ndi tiyi wamkaka m'mawa uliwonse. Koma patha miyezi inayi tsopano, agogowo aonda, sakuyankhulayankhula, agwapo kawiri kubafa, ndipo usiku wina adakodza pogona. Kukacha mawu ndi amodzimodzi: ndibwezeni kwathu. Mayiyu akufunsa kuti, "Anamwino, talakwa chiyani? Kapena n'kusayamika chabe?"

Mwana wanga, si kusayamika ayi. Ndipo inu nonse amene muli ndi makolo okalamba, kaya mukukhala nawo kaya ali kumudzi, senderani pafupi. Chikondi mudachita bwino kuonetsa. Chimene ambiri timaiwala n'chakuti nyumba yomwe ili yabwino kwa munthu wa zaka 30 itha kukhala msampha kwa wa zaka 75. Inu mukaterereka mumagwira khoma n'kuseka. Agogo akaterereka amafika pansi.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo adali pafupifupi 5 mwa anthu 100 alionse. Ndi ochepa, n'chifukwa chake womanga nyumba sawaganizira n'komwe. Amaika masitepe atatu pakhomo, matailosi onyezimira m'bafa, basi wamaliza.

Tiyambe ndi kugwa, chifukwa ndi kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri m'kalatayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 alionse a zaka 65 kupita m'tsogolo, pakati pa 28 ndi 35 amagwa chaka chilichonse. Limatinso kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pachaka padziko lonse, ndipo gulu lomwe limafa kwambiri ndi la opitirira zaka 60. Mayi akasiya kusamba, mafupa ake amayamba kuphweka m'kati ngati chimanga cholowa anankafumbwe: kunja chooneka bwinobwino, m'kati ufa. Kugwa kochepa, kongokhala pansi mwadzidzidzi, kumatha kuthyola fupa la m'chiuno.

Ndidawasamalirapo ambiri otere m'wodi. Gogo amagona chagada masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, mwendo atauzika ndi zolemera kuti fupa lilumikizane. Nthawi zambiri chomwe chimamutenga si fupalo. Ndi chibayo chobwera kaamba kogona nthawi yaitali, zilonda za kumsana ndi m'matako, kapena magazi kuundana m'miyendo. Masiku ano opaleshoni ya mafupa ilipo, ndipo mu 2023 pa Kamuzu Central padatsegulidwa chipatala cha mafupa chotchedwa LION. Komabe ngakhale opaleshoni iyende bwino, si onse amene amayendanso monga kale.

Ndiye ntchito yanu ya usiku uno nayi. Ana akagona, zimitsani magetsi onse. Khalani pabedi pa agogo, kenaka muyende pang'onopang'ono mpaka kuchimbudzi. Muwerenge zomwe phazi lanu lakumana nazo: kakapeti kotsetsereka, waya wa TV, galimoto ya mawaya ya mdzukulu, nsapato zosiyidwa pakhomo, kasitepe kolowera m'bafa, simenti yomwe mwaipaka Cobra mpaka kuoneramo nkhope. Amayi anzanga, ndikudziwa kuti pansi powala ndi ulemu wa mayi wa panyumba, koma njira ya agogo isiyeni yosapolisha. Kumudzi nyumba yawo ndi yozira, siiterera, ndipo mapazi awo akuidziwa mwala uliwonse kuyambira ali mtengwa. Kwanuko mapaziwo ndi alendo.

Pakhale kanyali ka sola kapena tochi poti dzanja lawo lifike asadadzuke. Bedi likhale loti akakhala m'mphepete mapazi aziponda pansi. Matiresi oyala pansi amavuta kudzukapo kwa munthu wa nyamakazi. Muwaphunzitse kuti akadzuka azikhala kaye pabedipo n'kuwerenga mpaka 30 asadaimirire, chifukwa okalamba, makamaka omwa mankhwala a BP, amachita chizungulire akaimirira mwamsanga. Mapatapata otha kunsi atayeni. M'bafa muikemo kampando kolimba ndi chogwirira pakhoma. Mmisiri wowotcherera zitsulo wa m'dera lanu atha kukupangirani tsiku limodzi.

Tsono nkhani yokodza pogona ija. Musathamangire kunena kuti agogo abwerera ku umwana. Munthu akakula chikhodzodzo sichisunga mkodzo nthawi yaitali. Abambo ambiri amavutika ndi prostate, ena ndi shuga, ndipo mankhwala ena a BP, monga aja a HCT, ntchito yake ndi kukodzetsa. N'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Funsani adokotala za nthawi yomwera, koma musawasiyitse pa inu nokha.

Palinso china chomwe agogo sangakuuzeni ngakhale mutawakakamiza. Manyazi. Taganizani, mayi amene moyo wake wonse wakhala akupita kuseri kwa nyumba mosaonedwa ndi munthu, lero chimbudzi chili m'nyumba momwemo, moyang'anizana ndi chipinda cha mwana wawo wamwamuna, kapena adutse pabalaza pomwe mkamwini wakhala ndi alendo ake. Akagujumula, nyumba yonse yamva. Ndiye amatani? Amapirira. Kenaka amapeza nzeru yosiya kumwa madzi. Inu mumangoona kapu yabwerera yodzaza, n'kumati agogo sakonda madzi a m'tauni. Zotsatira zake ndi kudzimbidwa, kufooka, matenda a m'njira ya mkodzo, ndi mutu kusokonekera. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kandowa kovindikira m'chipinda mwawo usiku, ndipo kazitayidwa m'mawa mwakachetechete, popanda wina kukwinya nkhope kapena ana kuseka. Ngati panja pali chimbudzi, asiyeni azipita kumeneko masana.

Musandimve ngati ndikuti kumudzi zonse n'zokoma. Chimbudzi chokumba chimakhala patali, ndipo kunjuta ndi mawondo otupa ndi chilango. Alipo agogo amene amakanika kudzuka ali momwemo, n'kuchita manyazi kuitana. Zikani mtengo wolimba pambali pa dzenje woti azigwira, kapena muwakhomere kampando kobowola pakati. Nyengo ya mvula njira yake ithiridwe mchenga kapena timiyala.

Kumudzi komweko kuli utsi. Mayi amene waphika pa mafuwa m'kakhitchini kopanda zenera kwa zaka 50, mapapo ake amakhala ngati a munthu wosuta, chonsecho fodya sadamulawepo. WHO idati mu 2020 utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Boolani zenera, aziphikira panja kukakhala kopanda mvula, ndipo Chitetezo Mbaula imachepetsako nkhuni ndi utsi womwe. Koma chifuwa chikapitirira masabata awiri akayezedwe, chifukwa TB siisankha msinkhu.

Ndipo ichi ndikuchinena mokweza, kwa a m'tauni ndi a kumudzi omwe: mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. M'miyezi ya June ndi July ku Dedza, Ntcheu, Mzuzu kapena ku Thyolo chiperoni chikaomba, wina amawamvera chisoni agogo n'kuwalowetsera mbaula, kutseka chitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Sununkha, suoneka. Munthu amangogona osadzukanso, kenaka pamaliro n'kumalozana zala. Aonjezereni bulangete, masokosi ndi chipewa. Kukatentha nakonso, mu October ndi November, chipinda cha malata chopanda siling'i ku Chikwawa, Nsanje kapena Salima chimasanduka uvuni. Okalamba samva ludzu msanga monga ife tidali ana, choncho madzi aziperekedwa osadikira kuti apemphe, ndipo masana akhale pamthunzi panja.

Maso muwayezetse. Ambiri amene timati "akalamba, saona" ali ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosatenga nthawi. Ku Nkhoma, komanso ku zipatala za maso za Lions pa Queen Elizabeth ndi pa Kamuzu Central, amachita zimenezi. Munthu woona bwino sapunthwa wamba.

Tibwere ku kusayankhula kuja. Nthawi ikamati 7 koloko m'mawa nonse mwatuluka, ana kusukulu, geti latsekedwa. Agogo atsala ndi mtsikana wantchito ndi TV yoyankhula chilankhulo chomwe sachimva. Mpanda wa njerwa wautali, sangaone ngakhale munthu wodutsa woti amupatse moni. Madzulo adzukulu afika, akuyankhulana Chingerezi, aliyense maso pa foni. Kwawo mayi yemweyu ndi anaPhiri kapena anaBanda, woitanidwa pamaliro, pachinkhoswe, mwana akabadwa. Kwanu asanduka "odwala aja". Inu mukadatani?

Kukhala osachita kanthu kumadya minofu. Gogo amene amalima kadimba kake, mukamukhazika pa sofa miyezi itatu, miyendo imalobodoka, ndipo miyendo yolobodoka ndiyo imagwetsa. Mawu oti "khalani pansi amayi, mwatopa kale" ndi aulemu, koma akachuluka amalemaza. Asiyeni asadzule nkhwani, aswe mtedza, apete mpunga, asese pakhonde. Apatseni kamzere kuseri kwa nyumba abzale mpiru. Akaothere dzuwa la m'mawa, limathandiza mafupa. Aperekezeni kwa amayi a Mvano, a Dorika, kulimana kapena kumzikiti, malingana ndi komwe amapemphera. Agogo aamuna apezereni anzawo a bawo. Lamlungu aimbireni foni abale a kumudzi, amve ngati mbuzi ija idaswa.

Chomaliza pa za malo n'cholemera. Pali matenda oiwalaiwala omwe achipatala amati dementia. Amayamba pang'onopang'ono, ndipo munthu akakhala pamalo omwe adawazolowera sadziwika msanga, chifukwa miyendo imayenda yokha njira yakale. Mukamusamutsa, zonse zimaonekera poyera: kusochera m'nyumba momwe, kumanga katundu dzuwa likamalowa, kutuluka usiku kufuna njira ya kwawo, mwina atavula. Akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni ake ali choncho, mukudziwa dzina lomwe anthu amawapatsa. Mu January 2016 ku Neno anthu okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo silikhalapo 4 koloko m'bandakucha. Chomwe chimateteza agogo nthawi imeneyo ndi aneba odziwa kale za matendawo. Auzeni aneba, auzeni amfumu kapena a block leader, ndipo musokerere kansalu kolembapo nambala ya foni yanu m'chovala chawo. Kusokonekera kobwera mwadzidzidzi, kwa tsiku limodzi kapena awiri, n'kwina: kawirikawiri ndi matenda a mkodzo, malungo, chibayo, shuga kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Amenewo ndi a kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono muwabweze kapena ayi? Choyamba apite akaonedwe ndi adokotala, chifukwa kuonda kwa miyezi inayi sitingangoti ndi kusowa kwawo. Ayezedwe shuga, magazi, chifuwa, ngakhalenso mano, poti ena amasiya kudya kaamba kolephera kutafuna. Kenaka mukhale pansi nonse atatu, ndipo amuna anu asakusiyireni nokha nkhaniyi, ndi mayi awo. Afunseni agogo chomwe chikuwavuta, ndipo mudikire yankho. Okalamba sayankha funso loyamba. Ngati mutu wawo uli bwino ndipo atsimikiza kuti akufuna kwawo, maganizo anga ndi oti abwerere. Ndalama yomwe mukuononga kuno ikakonze khomo, chimbudzi chapafupi ndi nyali ya sola, papezeke mdzukulu wamkulu wogona nawo m'nyumba, ndi munthu mmodzi wodziwika wosunga buku lawo la kuchipatala n'kumawatengera mankhwala a BP asadathe. Mabanja ena amagawa chaka: agogo amabwera m'tauni akakolola, n'kubwerera mvula isadayambe.

Kaya ali kuno kaya kumudzi, aliyense wa panyumba adziwe chochita agogo akagwa. Osawadzutsa mokoka mikono. Afunseni pomwe pakupweteka. Mukaona mwendo umodzi wafupika, phazi lagonera kunja, kapena akulephera kuponda, musawayendetse, musathowe ndi madzi otentha, musasisite. Afunditseni, muwagoneke pa thabwa kapena pa chitseko, anthu angapo anyamule pamodzi, ulendo kuchipatala. Ngati adamenyetsa mutu, ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, akaonedwe ndithu, ndipo muziwayang'anira kwa masabata angapo. Kugonagona, kusanza, mutu wosaleka kapena kuyankhula zosagwirizana zitha kutanthauza kuti magazi akutayikira m'mutu pang'onopang'ono.

Sabata ya mawa tikamba za chakudya cha agogo amene mano adatha.