Cala Canu Cingathe Kupha Munthu

Acinyamata anzanga, ndili ndi funso, ndipo muyankhe mumtima. Uthenga uja munatumiza dzulo pa gulu la WhatsApp, kodi zimene unali kunena munaziona ndi maso anu?

Tikumbukile caka ca 2020. Nkhani ya anthu opopela mankhwala m'nyumba usiku inayambila ku Chingola, ndipo pofika mwezi wa February inali itafika ku Lusaka ndi m'zigawo zina. Mantha sanacite kudikila basi ya pa mseu wa Great East kuti afike kuno ku Rufunsa. Anabwela pa foni. Ndikumbuka bwino masiku aja: tulo tinalibe, galu akangouwa aliyense anali kugwila cibonga. Mauthenga anali kungotsatana, ena a mau, ena a zithunzi, onse onena kuti opopelawo akufuna magazi a anthu. Wotumiza aliyense anali kuti, "Ndamva kwa munthu wodalilika." Munthu wodalilikayo mpaka lelo sitimudziwa.

Mapeto ake anali malilo. Magulu a anthu okwiya anamenya ndi kuocha amene anawaganizila cabe, ndipo boma linatulutsa asilikali m'miseu. M'mwezi wa March, Pulezidenti Edgar Lungu anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu 50 anaphedwa mwa njila imeneyi. Ambili mlandu wao unali umodzi: anali alendo pamalopo. Makolo athu anati mlendo ndi mame, koma ife tinamusandutsa nyama yosaka.

Mwina muti, "Ine sindinaponye mwala." Zoona. Koma woponya mwala uja anakwiya cifukwa ca zimene anamva, ndipo anazimva cifukwa wina ngati inu anadina foni. Kale miseche inali kuthela pa citsime kapena pa cigayo, ndipo wonama anali kudziwika nkhope. Mfumu inali kumuitana kuti afotokoze kumene anazitenga. Lelo bodza locokela ku Kanyama lifika kwa Mpanshya nsima isanapse, lopanda mwini, lopanda womufunsa.

Ngakhale eni ake a WhatsApp anaona ngoziyi. Anthu ataphedwa ku India mu 2018 cifukwa ca mphekesela za akuba ana, kampaniyo inacepetsa malo amene munthu angatumizeko uthenga nthawi imodzi kufika pa asanu. Inaikanso tumivi tuwili pamwamba pa uthenga umene wadutsa m'manja ambili. Tumivi timeneto n'cenjezo, koma anzanga ena akationa amayesa umboni wakuti nkhaniyo ndi yoona!

Ena ati boma ndilo liletse. Linayesa. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, ndipo amene anavutika ndi anthu wamba ofuna kulankhula ndi abale ao. Malamulo a za pa intaneti anakhazikitsidwa mu 2021, ena atsopano mu 2025, ndipo ambili akudandaula kuti angatseke pakamwa anthu olankhula zoona. Ngakhale malamulowo akhale abwino cotani, palibe wapolisi amene adzaima pa culu pamene mumakwela kufuna netiweki kuti akugwileni dzanja.

Cimene cimandiwawa n'cakuti ife a magulu a mu chalichi ndife atsogoleli pa khalidweli. Pa gulu lathu, limene tinatsegulila kudziwitsana za kwaya ndi misonkhano, mnzathu wina anatumiza cithunzi ca mwamuna wacilendo amene anamuona pa msika, n'kulemba kuti ndi wakuba ana. Titafufuza, tinapeza kuti anali wogula cimanga. Wotumizayo anati anafuna kuticenjeza cabe. Tonse tinaloweza lamulo loletsa umboni wonama tili ana. Sindikumbuka kuti linapatula mauthenga a pa foni. Ndipo ndalama za mabandulo zimene tinafalitsila bodzalo zinacokela m'thumba la malasha limene amai anu anagulitsa m'mbali mwa mseu.

Pa msonkhano wa Ciwelu cikubwelaci ndidzapempha kuti aliyense wotumiza nkhani yoneneza munthu pa gulu lathu anene amene anamuuza, ndi kumene zinacitikila. Wolephela aicotse pomwepo, ndipo akapepese pamaso pa gulu. Amene simugwilizana nazo mubwele, tidzakambilane maso ndi maso.