Musam'namizire Buddha



Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, mnyamata wina wa mumphakati wathu anandionetsa uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp kuyambira ku Mponela mpaka ku Ntchisi boma. Uthengawo ukuti chilichonse chimene munthu achiganizira mwamphamvu chimamudzera, kaya ndi ndalama, galimoto kapena ntchito ya ku Joni. Pansi pake alembapo dzina la Buddha. Ine ndikuti limenelo ndi bodza, ndiponso ndi bodza lopweteka.

Siddhartha Gautama, amene amatchedwa Buddha, anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Ambuye Yesu asanabadwe. Anali mwana wa mfumu, koma ataona nkhalamba, wodwala ndi mtembo, anasiya chuma chonse. Chiphunzitso chake chimati moyo uli ndi masautso, ndipo muzu wa masautsowo ndi chilakolako chosakhuta. Mankhwala ake ndi kuchizimitsa chilakolakocho. Nanga munthu wotere angaphunzitse bwanji kuti tizikhalira kulota galimoto?

Gwero la uthenga uja ndi lina. Mu 2006 mayi wa ku Australia, Rhonda Byrne, anatulutsa buku lotchedwa The Secret, lonena kuti maganizo amakoka zinthu monga maginito akokera chitsulo. Buddha ankathira madzi pa moto wa chilakolako; aphunzitsi amakonowa akusonkhezera nkhuni. Dzina la Buddha angolibwereka kuti malonda awo aoneke a nzeru zakuya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wofuna kuona Chibuda chenicheni sayenera kupita kutali. Ku Blantyre kuli Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye amene anayambitsa mmonke wa ku Taiwan, Hui Li. Kanema wa mu 2019 wotchedwa Buddha in Africa amaonetsa moyo wa kumeneko: ana adzuka kusanache, apemphera, aphunzira, achita masewero olimbitsa thupi. Tingatsutsane za kaleredwe kotero, koma palibe amene anganene kuti ndi moyo wongokhala n'kumalota chuma.

Tsono taonani nkhanza yake. Ngati maganizo ndiwo alenga zonse, ndiye kuti anthu amene anakwiririka ndi matope ku Chilobwe pa namondwe Freddy mu 2023 anadziitanira okha imfa. Ndiye kuti mayi wa kuno kumapiri amene chimanga chake chafota posowa feteleza analakwa kuganiza. Chiphunzitso chimene chimaimba mlandu wovutika ndi kumasula wolemera ku udindo wake sichingakhale choona.

Eklezia sanyoza Chibuda. Mu 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unavomereza kuti Chibuda chimazindikira kuperewera kwa dziko losinthasinthali, ndipo Mpingo sukana zoona ndi zoyera zimene zili m'zipembedzo zina. Koma mu 2003 Vatican inachenjeza akhristu za mapemphero osakaniza a New Age, amene amatola apa ndi apo monga wogula kaunjika.

Pali pomwe ife ndi Buddha tisiyana, ndipo sitibisa. Iye sanaphunzitse za Mulungu Mlengi, ndipo anati mwa munthu mulibe umwini wokhalitsa. Ife tikhulupirira kuti Mulungu amadziwa aliyense ndi dzina lake. Iye anati munthu adzimasula ndi khama lake. Ife tipulumuka ndi chaulere cha Mulungu. Komabe pa mfundo imodzi tigwirizana: choonadi sichipangidwa ndi zofuna zathu. Timachipeza, ndipo timachigonjera.

Sabata ino werengani Luka 12:13-21. Uthenga uja ukakufikani, musautumize kwa ena. Tengani khasu, mukathandize mayi uja kupalira.

Ambuye akhale nanu.