Wofukula katangale sadya chikho

Chaka chilichonse kumayambiriro kwa May, pokumbukira tsiku la ufulu wa atolankhani, bungwe la MISA Malawi limapereka mphoto kwa amene alemba bwino. Wopambana pa nkhani zofufuza ndiye amaomberedwa m'manja kwambiri, ndipo olankhula onse amabwereza mawu omwewo: kulimba mtima, kudzipereka, kukonda dziko. Ine mawu amenewa anandikola. Sikuti ndi abodza. Vuto ndi lakuti eni nyumba zofalitsa nkhani, aphunzitsi a utolankhani ngakhalenso ife owerenga timabisalamo pothawa funso limene mwana wotuluka ku MUBAS kapena ku Malawi Institute of Journalism ayenera kufunsa asanalowe m'ntchitoyi: adzandilipira ndani, ndipo zikadzavuta adzandiimira ndani kukhoti?

Zofukula m'dziko muno sizisowa. Mu 2013 ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka ku Capital Hill m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, malinga ndi kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly, nkhani imene inatchedwa Cashgate. Kenaka kunabwera nkhani ya chimanga cha ku Zambia imene inachotsetsa a George Chaponda paunduna mu 2017, ngakhale khoti linadzawapeza osalakwa. Mu 2021 tinamva za K6.2 biliyoni ya Covid-19, mu 2022 za K750 miliyoni ya feteleza imene inaperekedwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama. Koma tisadzinamize. Cashgate sinaululidwe ndi cholembera. Inaululidwa ndi chipolopolo chimene chinalasa mkulu wa za bajeti m'boma, a Paul Mphwiyo, pageti la nyumba yawo mu September 2013, komanso mabunda a ndalama amene apolisi anayamba kupeza m'mabuti a galimoto. Macheke anakhala akusainidwa miyezi yonseyo, makampani osagulitsa kanthu ku boma akulandira mamiliyoni, anthu a malipiro ochepa akumanga nyumba zosanja mu Lilongwe aliyense akuona. Atolankhani anzeru analipo. Chimene chinasowa ndi bwana woti auze mmodzi mwa iwo kuti siya zonse, tsata ndalama izi mpaka ukapeze kumene zikuthera, malipiro ako abwera.

Amene sanakhalepo m'chipinda cholembera nkhani sangamvetse chifukwa chake. Mtolankhani amayembekezeka kupereka nkhani tsiku lililonse, nthawi zina ziwiri kapena zitatu. Nkhani yofufuza imadya masabata, mwina miyezi, ndipo ikhoza kuthera m'malere. Imafuna thiransipoti yopita ku Nsanje kukaona ngati mjigo umene khonsolo inalipira unakumbidwadi, imafuna malo ogona, mayunitsi, ndi loya woiwerenga isanatuluke. Mkonzi amene akuvutika kupeza mafuta a galimoto yogawa nyuzipepala sangavomere zimenezo. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa pepala ndi inki, zomwe zimachokera kunja, unakwera nawo. Tsono ndalama zambiri za nyuzipepala zimachokera ku zotsatsa malonda, ndipo wotsatsa wamkulu ndi boma lomwelo limene mukufuna kulifufuza. Mu 2010 boma la a Bingu wa Mutharika linauza maofesi ake kuti aleke kutsatsa m'nyuzipepala za Nation. Mu January 2017, nkhani ya chimanga ili mkamwamkamwa, a MRA anakatseka maofesi a Times. Iwo anati ndi nkhani ya misonkho, koma mwini kampani aliyense anaimva bwino nyimboyo.

Ndiye mwana wathu walembedwa ntchito, kaya wangouzidwa kuti azibweretsa nkhani adzalipidwa ikatuluka. Pitani mukamuone pamsonkhano wa kuhotela. Mlendo wolemekezeka akatha kulankhula n'kukwera galimoto yake, atolankhani sachoka. Amaima pakhonde, wina akunamizira kuyang'ana pafoni, wina kucheza za mpira, maso onse ali kwa mayi wa pathebulo la pakhomo amene wagwira pepala la mayina ndi maenvelopu. Ukasaina, walandira chipondamthengo chako, ndipo lero kunyumba kuli ndiwo. Sindimuweruza mwanayo, poti njala ilibe manyazi. Koma munthu amene lendi yake ikudalira envelopu ya unduna sangafufuze undunawo. Amene timamuuza kuti alimbe mtima ndi yemweyu.

Akakhwima pantchito, akadziwa kuwerenga bajeti ndi kufunsa mafunso oboola, amalandira foni. Banki ikufuna mneneri, unduna ukufuna wofalitsa nkhani zake, bungwe lina likufuna wolemba malipoti, ndipo malipiro ake ndi oti sangakane munthu wa ana asukulu. Werengani mayina a aneneri a m'maofesi akuluakulu, mupezamo ambiri amene dzana ankatokosa maofesi omwewo. Nyumba zofalitsa nkhani zasanduka sukulu yosulira anthu amene mawa adzakhala akatswiri okana kuyankha mafunso.

Malo enieni a ntchito yofufuza alipo, koma ndi owerengeka pa zala. Kuli Platform for Investigative Journalism ya a Gregory Gondwe, kuli Centre for Investigative Journalism Malawi imene a Collins Mtika anayambitsa ku Mzuzu, kuli atolankhani angapo ku Nation, Times ndi Zodiak amene akonzi awo amawapatsako mpata. Kunja kuli mwayi wa maphunziro ndi thandizo la ndalama zolembera nkhani imodzi. Bungwe la amaBhungane la ku South Africa, limene linathandiza kufukula za banja la a Gupta mu 2017, laphunzitsapo atolankhani a m'maiko a kuno kummwera, ndipo yunivesite ya Wits ku Johannesburg imachititsa msonkhano wa atolankhani ofufuza a mu Africa chaka ndi chaka. Amene ali ndi luso akhoza kugwira ntchito limodzi ndi magulu onga ICIJ, amene anatulutsa Panama Papers mu 2016. Zonsezi n'zabwino, ndipo wachinyamata wochenjera azilondole. Koma pafupifupi zonse zaimira pa thumba la mlendo. Kontirakiti ndi ya chaka chimodzi, mutu wa nkhani nthawi zambiri amasankha wopereka ndalama, ndipo mu January 2025 tinaona kuti siginecha imodzi ya ku Washington ikhoza kuumitsa mapulojekiti a USAID dziko lonse lapansi. Ntchito yoyang'anira msonkho wa Amalawi singadalire chisomo cha okhometsa msonkho a dziko lina mpaka kalekale.

Za kuopsa kwake sindikokomeza. Mu April 2022 apolisi anagwira a Gondwe, kuwalanda foni ndi kompyuta, kufuna kuti aulule amene anawapatsa chikalata chokhudza malipiro a boma ku makampani a wamalonda Zuneth Sattar. Kumayambiriro kwa 2024 a Gondwe anabisala atalemba za malonda a gulu la asilikali. Kwa anansi athu ku Mozambique, mtolankhani Carlos Cardoso anawomberedwa mumsewu wa Maputo mu November 2000 akutsata ndalama zobedwa kubanki. A Gondwe nkhani yawo inamveka kutali chifukwa ali ndi dzina ndi bungwe. Nanga mtsikana wa pawailesi ya m'dera ku Mchinji, wopanda kalata ya ntchito, akaopsezedwa ndi wamalonda wa paboma, aimbira ndani?

Chinanso chimene nkhani ya kulimba mtima imabisa ndi chakuti ntchitoyi kwambiri ndi ya mapepala, ndipo ndi yotopetsa. Umatenga lipoti la mkulu wowerengera ndalama za boma, lonenepa ngati mtondo, n'kupeza ndime imodzi yonena kuti khonsolo inalipira midadada iwiri ya sukulu popanda malisiti. Umalemba dzina la kontirakitala. Umapita kukaundula wa makampani kukaona eni ake, n'kupeza kuti mmodzi ali ndi dzina la bambo lofanana ndi la mkulu wina wa pakhonsolopo. Sunapeze kanthu, poti mayina amafanana. Umakwera kabaza kukafika pasukulupo, mphunzitsi wamkulu n'kukulozera maziko omera udzu, ana akuphunzira pansi pa mtengo wa mango. Umajambula, umafunsa a komiti ya sukulu, umabwerera kukapatsa mpata amene ukuwaganizirawo kuti ayankhe, ndipo amakuzungulitsa milungu itatu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, patatha zaka zambiri atolankhani akulilirira. Ndi angati mwa omaliza maphunziro chaka chino amene analembapo kalata imodzi yopempha chikalata pogwiritsa ntchito lamuloli? Masukulu athu akuphunzitsabe ana kulemba kuti nduna yati, nduna yatsindika. Ndikanakhala mkonzi, ndikanalemba ntchito wophunzira za akaunti kapena zogulagula za boma n'kumuphunzitsa kulemba, chifukwa kuphunzitsa munthu chiganizo n'kwapafupi kusiyana ndi kumuphunzitsa kununkhiza invoisi yabodza.

Apa ndiyenera kunenanso za anzathu a pa Facebook amene amadzitcha ofufuza chifukwa wina wawaponyera chikalata usiku. Kulandira chikalata si kufufuza. Amene wakupatsayo ali ndi chifukwa chake, mwina akulimbirana mpando, mwina anamanidwa gawo lake. Ukachiponya osachitsimikiza, wangokhala mkondo wa munthu wina, ndipo ukawononga mbiri ya wosalakwa ndi atolankhani onse amene amataya chikhulupiriro cha anthu.

Ife owerenga tilinso ndi mlandu. Nkhani ikaphulika timaitumizirana pa WhatsApp, nyuzipepala yonse yathunthu isanafike n'komwe pamsika, ndipo palibe amene waponyapo tambala. Timakalipa kuti atolankhani a masiku ano ndi ogulidwa, chonsecho ife sitinawagulepo ngakhale pepala limodzi mwezi wonse. Walira mvula walira matope. Amalonda oona mtima, amene amaluza makontirakiti a boma chifukwa sapereka ziphuphu, ndiwo akanayamba kusonkhera thumba loima palokha lolipira atolankhani ofufuza ndi maloya awo, poti katangale amawadyera iwo poyamba.

Wina anena kuti ndikufooketsa ana. Ayi, ndikufuna alowe ambiri, koma alowe maso ali tseguke, ndipo asakathamangire onse ku Capital Hill kumene aliyense akuyang'ana. Nkhani zofufuza pafupifupi zonse zimalembedwa m'Chingerezi, kuwerengedwa ndi anthu a m'tauni, pamene mlatho wosamangidwawo uli kumudzi kwa anthu amene amamvera wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Kuchokera pachisankho cha 2025 dziko lino lili ndi madera a aphungu 229, ndipo lililonse limalandira ndalama za chitukuko za CDF chaka ndi chaka. Eni nyumba zofalitsa nkhani atiuze kuti ndi atolankhani angati amene akuwalipira mwezi uno kuti atsate ndalama zimenezo.