ZA MALONDA: Katundu wa Ngongole Ali Ndi Mwini Wake

Awerengi, sabata ino tikambirane za ngongole m'malonda, poona zimene zinagwera kampani ya GAME ku Britain m'caka ca 2012.

Kampaniyi inali ndi masitolo oposa 600 ku Britain ndi Ireland, ogulitsa masewera apakanema, aja amene acinyamata amasewera pa makina olumikiza ku wailesi yakanema. Monga acitira eni masitolo ambiri, iyo inali kupikula katundu pa ngongole, ndi kulipira itagulitsa.

Malonda a pa Khrisimasi ya 2011 sanayende bwino, popeza anthu ambiri anali kugula masewerawa motsika mtengo pa intaneti ndi m'masitolo akulu a zakudya. Ndalama zitacepa, GAME inapempha opanga masewera kuti aifewetsere kalipiridwe. Koma ndi kampani ya Electronic Arts ya ku America, mgwirizano unalephereka.

Motero pa 29 February 2012 kunamveka kuti GAME sidzagulitsa Mass Effect 3, masewera amene anthu anali kuwadikira ndi mtima wonse, oyenera kutuluka pa 9 March. Amene analipiriratu cikole anabwezeredwa cikoleco, napita kukagula kwina. Masewera ena a makampani a Nintendo ndi Capcom naonso sanafike m'masitolomo.

Pa 26 March kampaniyi inaperekedwa m'manja mwa akatswiri a zacuma a PwC cifukwa colephera kulipira ngongole. Masitolo 277 anatsekedwa, ndipo anthu oposa 2,000 anacotsedwa nchito. Masitolo 333 otsala anagulidwa ndi kampani ya OpCapita.

Nanga nkhaniyi itiphunzitsa ciani? Wopanga katundu akayamba kukayika za malipiro, amaleka kupereka. Mashelefu akakhala opanda kanthu ogula amathawa, ndalama zolipirira ngongole zisowa, ndipo opereka katundu ena naonso ayamba mantha. Lamulo limeneli silisankha sitolo ya ku London kapena kagolosale ka pamudzi.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ngwamphepo. Inu amene mupikula sopo, mcere ndi shuga pa ngongole, patulani ndalama za mwini katundu tsiku lomwelo mwagulitsa, musanawerenge phindu. Mukaona kuti tsiku lolipira lidzakupitirirani, kaonaneni naye msanga, iye asanatume munthu kudzakufunani.