Mfumu Yogwira Choko

Alembi anzanga ena amati nthano za zithunzi ndi zachibwana, zosayenera kutchulidwa pa msonkhano wa anthu olemba mabuku. Ine ndikukana. Ana a kwathu ku Soche amamudziwa bwino Black Panther, koma afunseni za David Kaduya, angokuyang'anani. Mlandu umenewu ndi wathu.

Black Panther, mfumu T'Challa ya dziko lopeka la Wakanda, adayamba kuoneka mu 1966 m'nthano za Stan Lee ndi Jack Kirby. Mu 1968 mlembi Roy Thomas adamulowetsa m'gulu la Avengers. Kenaka adamupatsa dzina loti Luke Charles ndi ntchito ya uphunzitsi ku New York. Tangoganizani, mfumu yathunthu kusiya anthu ake n'kukagwira choko kwa eni, kudikira kuti ayitanidwe kunkhondo! Don McGregor adamubwezera kwawo mu 1973, namuzunguliza ndi anthu a mtundu wake. Christopher Priest, mlembi wakuda amene adayamba kulemba nthanoyi mu 1998, adatembenuza zonse: adati mfumuyo idalowa m'gululo kuti izonde ngati Avengers angaopseze dziko lake. Munthu ndi yemweyo, gulu ndi lomwelo, koma kwa mlembi wina ndi mlendo wofatsa, kwa wina ndi kazitape wotchinjiriza anthu ake. Amene wagwira cholembera ndiye amaloza ngwazi pokhala.

Nanga ife cholembera chathu tachita nacho chiyani? Tatenga John Chilembwe n'kumuimika yekhayekha ngati mtengo wa pachulu. Ali pa ndalama, ali ndi tchuthi chake pa 15 Januwale, koma anzake tawafufuta. Chonsecho usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu ake adanyamuka kukalanda mfuti ku sitolo ya African Lakes ku Mandala, kufupi ndi kwathu kuno, iye adatsalira ku Mbombwe. Kaduya adali atakhalapo msilikali wa King's African Rifles. John Gray Kufa adaphunzira zachipatala ku Blantyre Mission. Duncan Njilima adali wamalonda wochita bwino. Anthu otere sadali mithunzi ya m'busayo. Adali ndi nzeru zawo, mantha awo ndi chuma choti ataye.

Wina anena kuti mwana amafuna ngwazi imodzi yoti aikonde. N'zoona, koma mwana amene waphunzira kuti dziko limapulumutsidwa ndi munthu mmodzi, akakula amakhala pansi kudikira mpulumutsi pa chisankho chilichonse. Tidaziona kale mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene dzina loti Ngwazi lidali la munthu mmodzi basi.

Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Alembi ndi ojambula, tiyeni tikhale pamodzi tilembe nthano ya 1915 m'zithunzi, m'Chichewa, Chilembwe ali pakati pa anzake, akutsutsana, akugwirizana. Tikazengereza, adzatilembera ena, ndipo pokhala ngwazi zathu adzasankha ndi iwo.