Utsi wa injini umalankhula, tiyeni tiumvere

Tikaweruka kumunda n'kukhala pamthunzi, kawirikawiri nkhani imakhotera ku mainjini. Wina amafunsa chifukwa chake chigayo cha kwawo chikufuka utsi wakuda bii. Wina amati anamva kuti njinga yamoto imathamanga kwambiri ukaichotsa sailensa. Ena amaseka, amvekere awa ndi macheza chabe, si za ulimi. Ife tikukana. Lero mlimi wa kuno ku Lukusuzi amadalira injini pogayitsa chimanga, pothirira kudimba ndi potengera soya ndi mtedza ku Lundazi. Pampu ikafa mu October, matimati amafota m'masiku ochepa, pamene makaniko ali kutali. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Komabe si yankho lililonse la m'mbali mwa msewu limene lili loona, choncho tizifunsanso kuti: chifukwa chiyani?

Injini ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo, ndipo moto umafuna mafuta ndi mpweya. Kuti lita imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika mpweya wa malita pafupifupi 9,000, kuposa migolo 40 ya malita 210. Mpweya wonsewo umadutsa m'misewu yathu yafumbi kapena m'chigayo modzaza ufa. Amene amachotsa fyuluta ya mpweya kuti injini “ipume” amailowetsa fumbi limene limapala masilinda ngati mchenga. Fyuluta ikatsekeka tiiyeretse kapena tigule ina.

Utsi nawo umatiuza matenda. Wakuda umatanthauza kuti mafuta achuluka koma mpweya wachepa: tiyambe kuona fyuluta, kenako manozo, ndiponso ngati sitikuisenzetsa injini katundu woposa mphamvu yake. Wabuluu ukusonyeza kuti oilo akupsera limodzi ndi mafuta, makamaka maring'i akatha. Woyera umafuna kuleza mtima. Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino mu 1897 ku Germany, ilibe pulagi. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kokwanira kuyatsa mafuta. N'chifukwa chake m'mawa wozizira wa mu June imayamba ndi utsi woyera umene umatha ikafunda. Koma utsiwo ukapitirira, madzi a mu rediyeta n'kumachepa, tiizimitse msanga, pakuti mwina gasiketi yapsa. Kunena za sailensa, phokoso si mphamvu. Kuichotsa kumagonthetsa makutu, ndipo zothetheka zake zingayatse udzu wouma m'chilimwe.

Koma choopsa koposa m'ekizozi sichioneka. Ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda mtundu ndi fungo, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kuwirikiza ka 200. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi nseru, n'kumaganiza kuti ndi malungo, kenako amakomoka.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri chichitikireni chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ndipo zitsime za kudimba zinakumbidwa mozamirapo. Ambiri mwaona kuti pampu ya petulo imalephera kukoka madzi akatsika kupitirira mamita 7 kapena 8. Si kufooka kwa injini. Pampu yotere imangochotsa mpweya m'paipi, ndipo chimene chimakankhira madzi m'mwamba ndi kulemera kwa mpweya wotizungulira, kumene kuli ndi malire ake. Wosadziwa zimenezi amatsitsira pampu m'chitsime momwemo kuti iyandikire madzi, iye n'kutsika nayo. M'dzenje lopapatiza utsi ulibe kothawira, ndipo mphindi zochepa zikwanira kugwetsa mwamuna wamphamvu. Mnzake wotsika kukamupulumutsa amagweranso momwemo. Choncho tikunena mosabisa: injini yoyaka isalowe m'chitsime, m'nyumba, kapena m'shedi yotseka, ngakhale mvula ikugwa kapena tikuopa akuba. Chitsime chikazama, pamafunika pampu yamagetsi yomira m'madzi, yoyendera sola kapena jenereta yosiyidwa panja.

Tikudziwa kuti si tonse tidzakhale amakaniko, ndipo kutsegula injini popanda luso kumangowonjezera mavuto. Chimene tikupempha n'chochepa. Inu amene mukuphunzira, musachite manyazi kufunsa, ngakhale funsolo lioneke lachibwana. Inu amene munatsiriza, sungani kabuku kolembamo tsiku limene munasintha oilo ndi mtundu wa utsi umene mwaona, kuti mukafika kwa makaniko mukalongosole bwino. Ndipo mukapeza mnansi akumangirira chingwe pampu kuti aitsitsire m'chitsime, musadutse mwakachetechete. Imani, mumufotokozere chifukwa chake.