Nkhondo ya sipika pa msewu wa ku Chongwe

Pa minibasi za ku Chongwe pali mkangano umene sutha, ndipo ukuposa ngakhale wa cenji. Ni mkangano wa sipika. Kucoka m'tauni, kudutsa Chelstone na Silverest mpaka kukafika ku Chongwe, ni makilomita pafupifupi 45, ndipo magalimoto akapanikizana pa Great East Road, ola lathunthu limatha muli m'basi. Ola limenelo wina ayenera kusankha nyimbo. Dalaivala akakhala mudala, mudzamva Don Williams kapena Jim Reeves. Foni ya kondakita ikangogwira Bluetooth, ni amapiano na Yo Maps mpaka mazenera anjenjemere. Akuluakulu amati ili ni phokoso cabe. Anyamata amati nyimbo za madala n'za pa maliro.

Ine ndili ku mbali ya oimba akale, ndipo ndinene cifukwa. Kuimba mofatsa kuja, kokhala ngati munthu akukunong'oneza, kunabwera na maikolofoni ya magetsi m'ma 1920. Kale woimba anali kukuwa kuti wa kumbuyo amve. Maikolofoni itabwera, anthu monga Bing Crosby, ndipo pambuyo pake Nat King Cole na Jim Reeves, anayamba kuimba pansipansi, liwu lililonse n'kumveka. Ndiye ubwino wao woyamba umenewo: umamva zimene akukamba. Waciwiri, nyimbo iliyonse inali na nkhani yake, ya munthu wosiya kwao, ya cikwati cogwedezeka, ya pemphero. Munthu amene anacoka ku Petauke kukafuna nchito ku migodi sanafunikire kudziwa kumene kuli Nashville kuti amve kuti nyimbo ikukamba za iye. Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndeke mu 1964, caka cimene tinalandira ufulu, koma mpaka lero Khrisimasi ikafika liwu lake limamvekabe m'nyumba zambiri. Don Williams anadziwa kuti kuno ali na anthu, n'cifukwa cake anabwera kudzaimba ku Harare mu 1997.

Manje apa ndiye pamene ndimasiyana na madala anzanga. Akamakamba za oimba akale, ambiri amachula azungu okhaokha, ngati ife tinalibe athu. Tinali nao. Ba Alick Nkhata anali kuimba mofatsa na gitala pa wailesi ya Central African Broadcasting Station muno mu Lusaka, nthawi imene ka wailesi kochipa kochedwa Saucepan kanayamba kulowa m'makomboni mu 1949. Anaimba m'Cibemba na m'Cinyanja za moyo wa m'tauni, ndipo anafa mu 1978 ku Mkushi pamene asilikali a Rhodesia anaukira kampu ya omenyera ufulu pafupi na famu yao. Lero dzina lao timalidziwa ngati msewu umene upita pa ZNBC. Funsani anthu khumi m'basi ngati anamvapo liwu lao. Tinalinso na ba Emmanuel Mulemena, ba Smokey Haangala, na ba Nashil Pichen Kazembe, amene nyimbo yao ya A Phiri Anabwera ikamba za munthu wobwerera kumudzi cimanjamanja pambuyo pa zaka zambiri m'tauni. Kodi pali nkhani ina yoyenera basi ya pa Great East Road kuposa imeneyo?

Nanga n'cifukwa ciani makonda anasintha? Ena amati ana a masiku ano alibe makutu. Zimenezo n'zosamveka. Oposa theka la anthu a m'dziko lino sanakwanitse zaka 20, ndiye msika wa nyimbo ni wao. Ndiponso kapangidwe ka nyimbo kanasintha. Kale pankafunika bandi yathunthu, zida zodula, situdiyo monga DB Studios, na kampani monga Teal ku Ndola yoti idinde malekodi. Lero mnyamata mmodzi na laputopu m'cipinda ca lendi ku Mtendere atha kutulutsa nyimbo madzulo, m'mawa ili kale pa TikTok. Kumeneko ukacedwa kugwira munthu m'masekondi ocepa, wapita. Nyimbo yoyamba pang'onopang'ono, yofuna kuti udikire nkhani ifike kumapeto, siingapikisane pa bwalo lotere.

Tisaiwalenso kuti mkangano uwu si watsopano. M'ma 1970, boma la ba Kaunda litalamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zikhale za kuno, Zamrock inakula kwambiri, ndipo makolo a nthawi imeneyo sanakondwe na anyamata a tsitsi lalitali monga WITCH na ba Paul Ngozi. Ba P.K. Chishala atatulutsa Ba Pastor, ena a m'machalichi anakwiya. Amene anali kudzudzulidwa dzulo ndiwo tikuwachula kuti akatswiri lero. Ndipo ana a lero ali na zao zonyadira. Yo Maps anadzaza Heroes Stadium mu 2023, ndipo mukamvetsera bwino, mnyamata uja amaimba za cikondi mofewa ndithu. Cikanakhala kuti anabadwa kale, madala akanamuika pamodzi na oimba ao.

Cimene cikundidetsa nkhawa n'cina. Nyimbo zathu zakale zikusowa, pamene za akunja zili paliponse. Pitani kwa anyamata oika nyimbo pa flashi ku City Market, mupemphe Kenny Rogers: mudzapatsidwa zodzaza. Pemphani ba Nkhata kapena ba Mulemena, muone mmene adzakuyang'anirani. Unyolo unaduka m'ma 1980 na m'ma 1990, cuma citagwa, makaseti obera atadzaza misika, kudinda malekodi kutaima, ndipo matenda a Edzi atatenga oimba ambiri. Pamene Mondo Music inadzutsa nyimbo za kuno ca m'ma 1999 na ba JK na Black Muntu, m'badwo watsopano unayamba ngati pa munda wosalimidwapo.

Amene atola zimene tinataya ni akunja. Zambiri zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko lino zisungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndiyo inatulutsanso malekodi a Zamrock. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, The Creator anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977, yoimbidwa m'Cinyanja, n'kuika mu nyimbo yake ya Noid. Ana athu ambiri anamva ba Paul Ngozi koyamba kupitira kwa munthu wa ku California. Zoona izi n'zocititsa manyazi kwa ife akulu, cifukwa mwana sangakonde nyimbo imene sanaimvepo.

Ndiye m'malo motukwana kondakita, tifunse oyenera kufunsidwa. ZNBC iike pa intaneti nyimbo zakale zimene ili nazo, zokonzedwa bwino, kuti aliyense azipeze pa foni. ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za oimba, lionetse poyera zimene zimafika kwa amasiye a oimba akale nyimbo zao zikalira. Ku Chongwe komweko kuli Chalimbana University imene iphunzitsa aphunzitsi: ophunzira ake angathe kujambula nkhalamba za Cisoli zimene ziimba pa Chakwela Makumbi zikali moyo, cifukwa nyimbo zimenezo zilibe Los Angeles yodzazitola.

Kwa inu ba dalaivala, pempho langa ni laling'ono. Basi imanyamula ana a sukulu, azimai opita ku Soweto Market mbandakuca, na odwala opita ku cipatala. Cepetsani voliyumu, nyimbo zotukwana muzisungire kwanu, ndipo pa flashi yanu musiyeko malo a ba Mulemena pakati pa Don Williams na Yo Maps. Makilomita 45 akwana onse atatu.